Bwato Langa Linafa ndi Ludzu

Ine ndasema mabwato moyo wanga wonse. Funsani ku Chikale, funsani ku Mwaya, funsani aliyense wa imvi amene anagwirapo nkhafi kuno ku Nkhata Bay, akuuzani kuti bwato lotuluka m'manja mwanga silinkapendekeka pamadzi. Sukulu ndinalekezera sitandade 2, sindibisa ayi. Zilembo zanga n'zikuluzikulu ngati mawu anga, ndipo tsamba limodzi limandidyera m'mawa wonse. Koma nkhani iyi ndilemba ndekha ndi dzanja langali.

Bwato langa lomaliza ndinalisema ndi mtengo wa mbawa. Mitengo ya msinkhu umenewo inatha kale kuno. Masiku ano anthu akusema mango ndi malaina, mabwato oti zaka zitatu awola. Uwu unagwa wokha ndi mvula m'munda mwa mlamu wanga kumtunda, ndipo atanditumizira uthenga ndinanyamuka tsiku lomwelo. Nditafika ndinaukumbatira, manja osakumana. Ndinadziwa pomwepo kuti uwu ndiye womaliza, chifukwa mapewa anga anali atayamba kale kukana nkhwangwa.

Ndinausema miyezi iwiri ndi theka. Poyamba nkhwangwa, kenako kasemasema, pang'onopang'ono. Anthu amaganiza kuti kusema bwato ndi kukumba dzenje mumtengo. Bodza! Dzenje ngakhale chiswe chimakumba. Ntchito ili pa kudziwa polekezera. Umaika dzanja limodzi mkati, lina kunja, n'kumayenda nawo pamodzi kuyambira kumutu mpaka kumchira, ndipo manja amakuuza okha kuti apa pakadali ponenepa, apa basi usakhudzenso. Pansi pamafuna zala zitatu, m'mbali ziwiri. Tepi sindinaigwirepo ine. Titaliika pamadzi linakhala phee, mowongoka, ngati linabadwira momwemo.

Muphwa wanga, mwana wa mlongo wanga, ndi msodzi wa usipa ku Chikale, bambo wa ana anayi. Bwato lake lakale linali zigamba zokhazokha. Tsiku limenelo analizungulira langalo katatu, akulisisita.

"Asibweni, limeneli ndi langa, eti?"

"Tiona," ndinatero.

Kwathu malume akati tiona ndiye kuti avomera, aliyense amadziwa. Analitenga, nalowa nalo m'nyanja dzinja lonse, ndipo ana ake ananenepa chaka chimenecho.

Mvula itangosiya, kunabwera mayi wina wochokera ku Lilongwe, wa bungwe lina loona za chikhalidwe. Anali wamng'ono kuposa mwana wanga wamkazi, wovala magalasi, waulemu kwambiri. Anali ataphunzira moni wathu wa Chitonga, ndiye aliyense wokumana naye pamsewu ankamupatsa "timoneni", ngakhale amene anawapatsa kale kawiri. Bungwe lake linali litapeza nyumba yakale yosungiramo katundu, pamtunda pa msewu wopita ku Chikale, ya malata, yopanda siling'i. Anati mmenemo mukhala miyuziyamu, ndipo anaitana msonkhano wa anthu onse, asodzi, amayi a kumsika, a matchalitchi, mpaka a minibasi.

Anayankhula bwino, zimenezo ndimupatsa. Anati miyuziyamu zambiri zimakhala za alendo ndi anthu ophunzira, munthu wamba amaopa kulowamo, ndipo akalowa sapezamo chake. "Ife sitikufuna zimenezo. Iyi ikhale yanu. Mutiuze inuyo zoti tiikemo, ife tingomvera."

Mayi wina wogulitsa nsomba zouma pamsika, wa pakamwa pakuthwa, anakweza dzanja. "Pepani amayi, miyuziyamuyo kwenikweni n'chiyani?"

"Ndi nyumba yosungiramo zinthu zofunika kuti zisatayike."

"Ndiye mundisungireko amuna anga. Amatayika Loweruka lililonse."

Anthu anaseka mpaka ena kutsokomola. Kuseka kutatha ndinaimirira ine. Ndikaimirira pamsonkhano maikolofoni amaibweza m'thumba, safuna kuononga batire. Ndinati mitondo ndi mikondo ili paliponse m'Malawi muno, koma tauni ino inamangidwa ndi bwato. Msika uwo ndi bwato. Tchalitchi icho malata ake ndi bwato. Ngakhale inu a minibasi ochokera ku Mzuzu, munatsika phiri kudzatsata fungo la nsomba, ndipo nsombazo sizibwera zokha wapansi. Nyumba imeneyi ikakhala yopanda bwato pakati, itsekeni lero lomwe!

Anaomba m'manja. Mayi uja anafunsa kuti, "Nanga labwino tingalipeze kuti, agogo?" Ndipo anthu onse anatembenuka kuloza ine. Pamenepo ndikanakhala pansi. Sindinakhale.

M'mawa mwake anabwera ku Chikale. Muphwa wanga anali atangotsika, bwato lili pamchenga, lonyowa, lofiirira, mamba a usipa akunyezimira mkati. Mayi uja anagwada pamchenga ndi siketi yake yabwino, n'kuyamba kundifunsa. Mtengo mumausankha bwanji? Chifukwa chiyani milomo yake yapindikira mkati? Mumadziwa bwanji kuti apa pakwana? Foni yake ili chilili pakamwa panga kujambula mawu. Ndikukuuzani, ana anga obereka ndekha sanandifunsepo mafunso amenewo. Ndinayankhula mpaka dzuwa kufika pamutu. Pomaliza anati, "Agogo, bwato ili likalowa m'miyuziyamu, adzukulu a adzukulu anu adzaliona, adzadziwa kuti kuno kunali mmisiri."

Mawu amenewo analowa mumtima mwanga ndipo anakhazikika ngati mwala.

Muphwa wanga anamva zonse ali chapatali, akuyanika ukonde. Mayi uja atapita anabwera.

"Asibweni, bwato m'nyumba? Likagwira usipa wanji m'nyumba?"

"Iwe ukaliyendetsa zaka khumi ndi zisanu latha. Uko likakhala mpaka kalekale."

"Nanga azikalithira madzi ndani?"

Funso limenelo linali labwino. Linali funso limene ndinayenera kufunsa ine. N'chifukwa chake linandipsetsa mtima. Ndinakuwa gombe lonse kumva. "Iwe ukundiphunzitsa ine za bwato? Unabadwa ine nditasema kale makumi awiri! Ndinati tiona, sindinati tenga!" Iye anangoyang'ana pansi, natola nkhafi yake n'kumapita.

Kunyumba akazi anga sanakuwe, iwo sakuwa. Anangoti, "Ada, mwalanda ana a muphwa wanu ndiwo kuti anthu akuombereni m'manja." Ndinawayankha kuti za mbiri ya dziko sangazimve.

Tsiku lopereka, amuna asanu ndi atatu analinyamula pamapewa kukwera nalo mtunda, akuimba. Pakhomo panali tebulo ndi pepala la masamba awiri, la Chingerezi chokhachokha, tizilembo tating'ono ngati nyerere. Anthu anali atadzaza, abusa ali pomwepo, a ku maofesi ali pomwepo. Mayi uja ananong'ona kuti, "Agogo, ndikuwerengereni m'Chichewa?" Ananong'ona, koma ine ndinaona ngati tauni yonse yamva. Ndinati, "Ndawerenga kale!" Ndinatenga cholembera n'kulemba dzina langa lalikulu, mpaka kudutsa mzere. Sindinalandire kanthu, ndinapereka ngati mphatso, ndipo ndinaonetsetsa kuti aliyense wamva zimenezonso.

Ndisawanamizire, anayesetsa anthu aja. Pakhomo anamanga potsetsereka kuti a njinga za olumala azilowa okha. Ife a m'tauni muno tinkalowa ulere. Zolemba zonse zinali m'Chingerezi, m'Chichewa ndi m'Chitonga, ndipo Chitongacho anaitana aphunzitsi opuma kudzachikonza. Kungodya ina anaika thandala loyanikira usipa la amayi, kwina zovala za malipenga, kwina zithunzi ndi makalata a makolo athu amene anapita ku Joni ndi ku Halale kukagwira ntchito. Tsiku lotsegulira amayi a kumsika anapeza agogo awo pazithunzi n'kuyamba kulira pomwepo. Ndipo pakati pa zonsezo, pamwamba pa njerwa ziwiri za simenti, panali bwato langa, dzina langa lili pakathabwa patsogolo pake. Tsiku limenelo ndinayenda ngati tauni ndagula.

Patatha masabata awiri ndinapita kukaliona ndekha, kopanda chigulu. Nditangolowa ndinamva kutentha kwa malata pamutu, chonsecho inali nyengo ya mwera, kunja kukuzizira. Bwato linali litasintha. Kufiira kuja kunali kutachoka, lili mbuu ngati mwana wosadzola. Ndinatambasula manja kuti ndilimve.

"Adada, osakhudza!"

Anali mlonda. Bambo wa ku mapiri a ku Mzuzu, amene kale anali kondakitala wa minibasi, munthu woti chibadwire sanapondepo m'bwato. Anandilozera chikwangwani.

"Iwe, ukudziwa amene analisema limeneli?"

"Ndikudziwa adada, dzina lanu ilo. Koma chikwangwani sichinati kupatula wosema."

Tsono imvani, inu amene simuli a kunyanja. Bwato limene linalawapo madzi silikhala popanda madzi. Msodzi aliyense, ngakhale chidakwa chotheratu, akalikokera kumtunda kwa masiku angapo amasiyamo madzi pang'ono, n'kulifunditsa udzu kapena masamba a nthochi. Mtengo ukauma mofulumira, kunja kumakoka mkati musanaume, ndiye umang'aluka. Izi sizili m'buku. Izi amadziwa ndi mwana amene sanayambe kuvala kabudula.

Ndinapita kwa mayi uja mu kaofesi kake kuseri. Ndinati, "Amayi, ndowa ziwiri m'mawa uliwonse, basi. Imodzi mkati, ina kunja. Ndizibwera ndekha kudzathira."

Anavula magalasi. "Agogo, madzi ndiye mdani wamkulu wa zinthu za m'miyuziyamu. Amabweretsa nkhungu, amaitana chiswe. Makalata aja ndi zithunzi zija zingawonongeke zonse."

"Ndiye litulutseni, likhale pansi pa mango uwo panja, ndilifunditse."

"Panja kuli akuba, kuli dzuwa. Komanso chinthu chikalowa m'kaundula sichituluka popanda chilolezo cha kulikulu."

"Munati nyumba ino ndi yathu. Munati tikuuzeni, inu mungomvera."

"Ndi yanu, agogo. Koma pa kasungidwe pali malamulo ake, tinachita kuphunzira."

"Munaphunzira kusunga zinthu zakufa. Ili ndi lamoyo!"

Sanakwiye. Anati alembera kalata akuluakulu ake kufunsa ngati pali njira ina, ndipo analembadi, anandionetsa pakompyuta. Ndinkapita Lolemba lililonse kukafunsa. Yankho linali lakuti akuluakulu ali ku msonkhano, kenako ali kunja kwa dziko, kenako nkhaniyo aipereka ku komiti.

Bwato silidikira komiti. Ndinatenga chigubu cha malita asanu, n'kutunga madzi a m'nyanja, n'kuchiika m'thumba la saka. Ndinapita masana, nthawi imene mayi uja ankapita kukadya.

"Muli chiyani m'thumbamo, adada?" anafunsa mlonda.

"Thobwa."

"Thobwa lolira chubwichubwi choncho?"

"Iwe wa kuphiri, madzi umadziwa a m'kapu okha. Bwato ili likufa ndi ludzu, ukumva? Ng'ombe ya bambo ako ungaitsekere m'khola mwezi wathunthu osaimwetsa?"

Anakanda m'mutu. Nkhani ya ng'ombe anaimva. Anayang'ana kumsewu, nati, "Ine ntchito yanga ndi chitseko. Panopa ndikupita kuseri kukataya madzi. Inunso mukataya anu, ine ndisaone."

Ndinathira. Aa! Mtengo unamwa ndikuona, kuchita kulira tsiii ngati nthaka ya mvula yoyamba. Kufiira kunabwerera, fungo la nyanja linadzaza nyumba yonse. Ndinayendetsa manja anga kuyambira kumutu mpaka kumchira, limodzi mkati lina kunja, ndipo linali lidakali bwino, lonse. Ndinachita zimenezo kanayi, mlonda akupita kuseri nthawi iliyonse. Mpaka anayamba kundifunsa kuti ng'ombe yathu yadzuka bwanji lero.

Kachisanu ndinathira kwambiri kunja. Simenti ya nyumba ija ndi yopendekeka, ine sindinadziwe. Madzi anayenda pansi mwakachetechete mpaka kungodya, kumene kunali katoni ya makalata amene anali asanawaike m'magalasi. Yapansi inanyowa. Inali kalata ya bambo ake a mayi wogulitsa nsomba uja, wa amuna otayika Loweruka. Anailemba ali ku Joni, ndipo sanabwerenso, ndiye kalatayo ndi chokhacho chimene mayiyo anali nacho cha dzanja la bambo ake. Inki inasungunuka theka lonse.

Mayiyo anandipeza pamsika, pakati pa anthu. Ine amene ndimakuwa, tsiku limenelo ndinakuwiridwa. "Inu ada, chimtengo chanucho n'choposa bambo anga? Mukasema china! Ine bambo ndikawasema kuti?" Ndinavula chipewa n'kuima mpaka anamaliza, ndipo anachedwa kumaliza.

Mayi wa miyuziyamu sanandikalipire, bola akanandikalipira. Anangondionetsa kalatayo ataiyanika pa tebulo, maso ake ali ofiira. Anati, "Mwaona, agogo?" Ndinaona. Iyenso sankanama za madzi. Mawa lake anazunguliza bwato ndi chingwe chofiira, mlonda anapatsidwa kalata yomuchenjeza, ndipo kuyambira pamenepo thumba langa linkatsala pakhomo.

"Pepani adada," anatero mlonda. "Ndili ndi ana ku sukulu. Kuseri sindipitanso."

Ntchito ya mayi uja kuno inali ya miyezi yowerengeka. Chilimwe chikuyamba anabwera kunyumba kudzatsanzika, anakhala pamkeka ndi akazi anga, anadya kondowole wathu osachita manyazi. Anati gawo lachiwiri la ntchito likavomerezedwa adzaika siling'i ndi mafani, ndipo za bwato sanaiwale. Ndikhulupirira kuti ankanena zoona. Anakwera minibasi ya ku Mzuzu, ndipo makiyi anatsala ndi mlonda.

Kuyambira pamenepo nyumba ija inkatsegulidwa pokhapokha kukabwera alendo kapena ana a sukulu. Masiku ena onse chitseko chotseka, mawindo otseka kuopa akuba. Ndiye kunabwera dzuwa la Okutobala. Inu mukulidziwa dzuwa limenelo, loti mchenga wa ku Chikale umawotcha ngakhale wovala nsapato. Ndinkapita kukasuzumira pawindo, galasi likuwotcha chipumi. Ndinaona ting'alu tating'ono kumutu kwa bwato, ngati ta kuchidendene kwa munthu wolima. Sabata yotsatira tinali titatalika.

Ndinayenda m'maofesi. Ofesi yoyamba anati nyumbayo si yawo, ndi ya bungwe. Yachiwiri anati za chikhalidwe amaona ndi bwana amene ali pa tchuthi. Yachitatu mtsikana wa pa tebulo anandifunsa kuti, "Ndiye vuto lenileni ndi chiyani, agogo? Bwato likufuna kumwa madzi?" Anzake anabisa nkhope kuseri kwa mafayilo. Ndinamenya tebulo, anaitana wa chitetezo. Msonkhano uja wa tiuzeni ife timvera sunaitanidwenso.

Tsiku lina masana, ndili pakhonde, ndinaona mlonda akubwera, chipewa chili m'manja. Munthu wa kuphiri uja anali asanapondepo pakhomo panga.

"Adada, kwalira chinthu mkati muja. Ngati mfuti. Ndinayesa ndi malata, koma si malata."

Ndinavala nsapato n'kumutsatira. Atatsegula, mpweya wotentha unatimenya kumaso ngati wa mu uvuni wa buledi. Ndinadumpha chingwe chofiira chija, ndipo mlonda sanandiletse. Mng'alu unayambira kumutu, n'kutsika, n'kuyenda pansi penipeni mpaka kudutsa pakati. Ndinalowetsa dzanja, linalowa lonse mpaka ndinakhudza njerwa ya simenti kunsi.

Muphwa wanga anamva, anabwera. Kuyambira tsiku lija la pagombe tinkangopatsana moni wa pamsewu. Iye tsopano amapalasa bwato la munthu wina, nsomba akagwira mwini wake amayamba watenga zake. Anagwada, nayang'ana mng'aluwo kuchokera pansi, nthawi yaitali.

"Phula ndi lata sizingagwire, asibweni?"

"Ayi. Wadutsa pamsana. Likanakhala la m'mbali."

Anagwedeza mutu. Ndinadikira kuti anene kuti ndinakuuzani. Ndinali nditakonzeka kuti akanena ndivomere pamaso pa mlonda. Sananene. Anangopukuta manja pa buluku n'kunena kuti mwera wayamba, akuyenera kukakokera maukonde. Mwezi umenewo kunalibe mwera.

Ndinkaganiza kuti pamenepo ndiye pothera. Ayi. Mwezi wotsatira kunabwera ana a sukulu ya pulayimale ya kumtunda, ndi mphunzitsi wawo, mnyamata wa tayi. Ine ndinali pakhomo, chifukwa ndikamva kuti atsegula miyendo inkangondipititsa yokha. Anazungulira bwato, makope m'manja. Mtsikana wina anafunsa kuti chifukwa chiyani lili ndi chibowo.

Mphunzitsi anayang'ana kathabwa, sanapezepo yankho, ndiye anapeka lake. "Mukuona, ana inu, mabwato a makolo athu ankasemedwa popanda miyezo, ndiye ankang'aluka chonchi. N'chifukwa chake anthu ambiri ankamira, ndipo n'chifukwa chake lero tili ndi maboti a matabwa ndi injini. Lembani."

"Bodza!" ndinakuwa, mpaka malata analira. "Bwato limeneli silinang'alukire panyanja! Laphedwa ndi nyumba ino! Palibe munthu anamirapo m'bwato langa, ngakhale mmodzi!"

Ana ena anathawira kuseri kwa mphunzitsi, ena anayamba kuseka. Mmodzi anawerenga dzina pa kathabwa mokweza, n'kufunsa mnzake kuti, "Ndi amenewa anapanga lobookali?" Mphunzitsi anati, "Pepani agogo, tili m'kalasi." Mlonda anandigwira mkono mwaulemu n'kunditulutsa. Ndikutuluka ndinacheuka. Mitu yonse inali yowerama, akulemba zimene anauzidwa.

Madzulo ake ndinapita kwa muphwa wanga kukapempha foni, tinamuimbira mayi uja. Anayankha, ndipo atamva mawu anga anati za mng'alu anamva kale, ndipo sagona nazo. Gawo lachiwiri silinavomerezedwe, iye anamutumiza ku ntchito ina kumwera.

Ndinati, "Amayi, sindikupempha siling'i. Litulutseni. Lipatseni amayi a kumsika aliwaze, awambire nsomba, ligwireko ntchito komaliza. Lisakhale pamenepo kumanamiza ana."

"Agogo, sindingathe. Pepala lija munasaina limati bwato munalipereka kwa mtundu wonse wa Amalawi, mpaka kalekale. Si lanunso, si langanso."

"Mtundu wonsewo uli kuti, ndikaupemphe?"

Kenako ndinaonjeza.

"Ndiye chotsani dzina langa pa kathabwa."

Anati zolembazo nazonso zili m'kaundula, kusintha kumafuna chilolezo, koma alemba kalata. Anati aonjezeramo kuti alembepo chifukwa chimene linang'alukira. Ndinamufunsa kuti kalata yoyamba ija anayankha? Anati ayi. Ndinabweza foni kwa mwini wake.

Madzinja awiri apita chichitikireni zimenezi. Bwato lili pompo, pa njerwa zake ziwiri, dzina langa lili patsogolo, ndipo mng'alu wafika kumchira. Nkhwangwa sindingathenso kuikweza, ndipo ngakhale ndikanatha, mtengo wake ndikaupeza kuti? Anthu a m'tauni muno analeka kupitako, anaona kale zithunzi za agogo awo. Amene amalowa ndi alendo a m'malojimu ndi ana a sukulu, teremu iliyonse kalasi ina, mphunzitsi wina, yankho lake lake. Ine sindipitako. Ndikamapita kumsika ndimadzera njira ya kumtunda, ngakhale ndi yotalika.

Mlonda ndimakumana naye kutchalitchi. Sabata yatha anandikokera pambali, nati anafuna kulitembenuza kuti mng'alu uyang'ane kukhoma, koma pamafunika amuna asanu ndi atatu ndi chilolezo. Ndiye anangotenga mkeka wa kunyumba kwake n'kuyala mkati kuti abise.

"Zathandiza?" ndinamufunsa.

"Ayi, adada. Aliyense akalowa amayamba wavundukula mkekawo."